Nambala 200 imene palibe anaivomera

Ndife atatu chabe pa nchito iyi, ndipo tiyang'anira kasistemu kolembamo malonda a mashopu angapo muno mu Lusaka. Zonse zikhala mu MySQL 8.0 pa seva ya Ubuntu. Tsiku lina kumapeto kwa mwezi, pamene anthu afola ndipo mizere ni yaitali, mafoni athu anayamba kulira onse pamodzi. Makashiya sanali kukwanitsa kulowa. Pa skirini panali mau odziwika aja, Too many connections.

Chinatibaba maningi chifukwa vuto iyi tinali titaisiliza kale, kapena kuti ndiye mmene tinali kuganizira. Masabata awiri kumbuyo tinakweza max_connections kufika 400 ndi SET GLOBAL, ndipo tinalemba nambala imodzimodzi mu kafailo kathu mu /etc/mysql/conf.d/. Manje usiku uja malaiti anapita, batire inatha, seva inazima n'kuyakanso. SET GLOBAL sikhalitsa, seva ikazima imaiwalika. Izo tinali kuzidziwa, ndiye chifukwa tinalemba mu failo.

Titafunsa seva, inayankha kuti 200.

Tinasakira ndi grep mu /etc/mysql yonse. Mu failo yathu munali 400. Mu mysql.conf.d/mysqld.cnf munali 151, pamzere umene wina anachotsapo chizindikiro cha #. Koma 200 kulibe. Apa tinayamba kuyang'anana. Aliyense anali kuti si ine, ndipo mwini shopu wina anali kutuma foni mphindi zilizonse, kufunsa ngati abweze makasitomala.

MySQL simadandaula ikapeza chinthu chimodzi chalembedwa kawiri kapena katatu. Imawerenga mafailo motsatana, ndipo chimene yawerenga pothera ndicho chimagwira nchito. Pa Ubuntu, my.cnf imaitana conf.d poyamba, mysql.conf.d pambuyo. Ndiye kuti 400 yathu inali yakufa kuchokera tsiku limene tinailemba, 151 inali kuipondereza. Masabata awiri onse tinali kuyenda pa SET GLOBAL chabe osadziwa.

Nanga 200? Tinaipeza mu tebulo ya performance_schema.variables_info, imene imauza kumene setting iliyonse yachokera. Inalemba kuti PERSISTED, n'kuloza ku mysqld-auto.cnf mu /var/lib/mysql. Failo iyi seva imadzilembera yokha munthu akagwiritsa SET PERSIST, ndipo imawerengedwa pambuyo pa mafailo ena onse. Ili kunja kwa /etc, ndiye grep yathu sikanaiona. Mmodzi wa ife anagwira mutu. Anakumbuka kuti anaichita miyezi yapita, usiku, ali pa foni mu minibasi.

Tinakweza nambala pomwepo kuti mashopu agulitse, kenaka RESET PERSIST, kenaka kufufuta umodzi mwa mizere iwiri ija n'kusiya umodzi.

Mkangano unabwera mawa lake. Wina anali kufuna kuti tiletseretu SET PERSIST. Wina anati ndiyo imapulumutsa pamene sungazimitse seva masana. Onse ali ndi mfundo, koma kunena zoona vuto inali yakuti sitinali kuuzana. Tinagwirizana kuti max_connections ikhale mu mysqld.cnf mokha, ndipo wosintha chilichonse alembe mu gulu lathu la WhatsApp. Tinasankhanso Sondo m'mawa, mashopu asanatsegule, kuzimitsa seva dala ndi kuiyatsanso, kuti tione nambala imene idzauka nayo. Inauka ndi 400. Titapitiriza kuyang'ana mu tebulo ija, tinapeza kuti innodb_buffer_pool_size nayonso inalembedwa kawiri.