Muyeso wa Mtima wa Munthu

Pa msika wa Chilenje nyemba aziyesa ndi mbale, makala ndi citini, ndipo wogula aona yekha ngati muyeso wakwana. Nanga mtima wa munthu tiuyesa ndi ciani?

M'caka ca 1965 Morris Rosenberg wa ku America anakonza pepala la ziganizo 10 loyesera m'mene munthu adziwerengera yekha, naliyesa pa ana a sukulu oposa 5,000 a ku New York. Pa ciganizo ciri conse woyankha asankha kubvomera kwambiri, kubvomera, kukana, kapena kukanitsitsa. Pambuyo pace awonkhetsa manambala.

Mwana wa mlongo wanga anabwera nalo pepalali kucokera ku sukulu. Atafika pa mau ofunsa ngati adziona kuti ali ndi makhalidwe abwino, dzanja lace linaima. "Amalume," anatero, "ndikabvomera, kodi si kudzitama kumeneko?" Apa ndipo pagona bvuto. Ife tinaleredwa kuti ubwino wa munthu anena ndi anzace. Motero mwana waulemu angathe kupata manambala ocepa, cikhalireco mtima wace uli gwa.

Makolo athu ali nao muyeso wao. M'zaka za m'ma 1970 Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anafunsa akuluakulu a Acewa ku Katete kuti pa nchito zakutizakuti angatume mwana uti. Anapeza kuti kwa iwo nzeru si kucenjera kokha ai, komanso kutumikira: mwana womva, wokhulupirika akatumidwa.

Komabe pepala lija sindilinyoza, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Muno m'Chilenje muli anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu koma osowa nchito, ofatsa ndi otumika bwino, amene mumtima mwao adziyesa acabe. Akulu tiona miyendo yao ikuthamanga, ndipo titi zonse ziri bwino. Pepala lifunsa funso limene ife ticita manyazi kufunsa, ndipo mwana wina ayamba kuulula ndi pensulo cimene pakamwa pace pakana.

Cifukwa cace aphunzitsi ndi makolo, musathamangire kuwonkhetsa ndi kuweruza. Khalani naye pansi mwanayo, mumfunse cimene wakanira ndi cimene wabvomerera. Manambalawo ndi odi cabe wa pakhomo, nkhani iyamba mwini nyumba akati, "Lowani."