Galimoto ikamadziwongola yokha, dalaivala akuyang'ana kuti?

Kalekale, m'masiku a mabasi a UTM, amene kampani ya Stagecoach inadzawagula mu 1989, udalaivala unali ntchito ya thukuta. Chiwongolero chinali cholimba moti pokhota munthu ankachita kunyamuka pampando. Giya inkalowa mochita kunyengerera, mabuleki ankafuna kuwapopa mtsetse usanayambe. Dalaivala wotere akanasinza nthawi yanji? Manja, mapazi, makutu, zonse zinali pantchito, ndipo kumbuyo kwake kunali anthu a ku Kawale ndi ku Area 23 amene sankachedwa kukuwa kuti: "Adalaivala, mwanyamulatu anthu, osati matumba a chimanga!" N'chifukwa chake ana tinkapanga magalimoto a mawaya n'kumalimbirana udalaivala. Inali ntchito yaulemu.

Lero misewu yadzaza ndi magalimoto ochokera ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ambiri ndi otomatiki, phazi lamanzere linapuma kalekale. Atsopanoko akubwera ndi kamera pagalasi lakutsogolo, ena ndi radar kubampala. Toyota inayamba kuika Safety Sense mu 2015, Nissan inatulutsa ProPILOT pa Serena mu 2016. Galimoto yotere imagwira yokha mabuleki, imalira ukatuluka mumzere, ina imasunga mpata ndi inzake yakutsogolo n'kumadziwongola pang'ono. Kuyambira mu Novembala 2021 dziko la Japan linalamula kuti mitundu yatsopano ya magalimoto opangidwa konko izikhala ndi mabuleki odzigwira okha, ndiye zaka zikubwerazi tiziwaona ochuluka kuno.

Zimapulumutsa miyoyo, sindikukana. Koma makinawa anawapangira misewu yokhala ndi mizere yowala. Pa Kenyatta Drive atha kuona bwino. Mukangokhotera ku Chinsapo kapena kwa Mgona mzere palibe. Pali fumbi, matope, akabaza olowa mbali zonse, ana ochokera kusukulu ndi amayi oyala tomato m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Kamera ikalephera kuona, galimoto imachenjeza ndithu, koma m'Chijapani. Eni ake ambiri amangoti "yayambanso kusokosa", ndipo ena amafunsa makaniko kuti aitseke pakamwa. Galasi likasweka timakaika lina ku Biwi, tsiku lomwelo galimoto yabwerera pamsewu. Kamerayo imayenera kuwongoledwanso ndi zida zake kuti iziona molunjika. Ndi angati amafunsa n'komwe?

Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti galimoto ikamachita bwino tsiku ndi tsiku, munthu amatayirira, dzanja n'kupita pafoni. Ku America zinaoneka kale. Mu Meyi 2016 ku Florida, galimoto ya Tesla imene inkadziwongola yokha pa Autopilot inalowa kunsi kwa thiraki yoyera yomwe inkadutsa msewu, dalaivala n'kufera pomwepo. Mu Malichi 2018 ku Tempe, m'chigawo cha Arizona, galimoto yoyeserera ya Uber inagunda n'kupha mayi amene ankawoloka usiku akukankha njinga. Makina anazindikira kuti kutsogolo kuli chinthu, koma ankasinthasintha maganizo kuti n'chiyani, pamene woyang'anira pampando maso anali pafoni. Taganizani anthu okankha njinga, zina zitasenza makala, amene amawoloka M1 madzulo aliwonse cha ku Area 25.

Mlandu wa ku Tempe unagwera munthu. Kampani sinaimbidwe mlandu wakupha. Woyang'anirayo ndiye anavomera kulakwa mu 2023 n'kupatsidwa chilango cha zaka zitatu, chogwirira kunja kwa ndende. Mu Disembala chaka chomwecho Tesla inakakamizika kukonza magalimoto pafupifupi 2 miliyoni kuti azikumbutsa madalaivala mwamphamvu kukhala tcheru.

Kwathu kuno lamulo la Road Traffic Act la 1997 limadziwa munthu amene dzina lake lili pa layisensi. Wapolisi akafika pangozi funso lake n'lomwe lija la m'masiku a UTM: "Amayendetsa ndani?" Ndipo mwana akagundidwa ku Kawale, okagula bokosi ndi kukagwada pasiwa ndi dalaivala ndi abale ake. Amene anapanga kamera ija ku Japan samva n'komwe kuti kwagwa maliro.