Mlonda Wofunika Kumulondera

Ambiri a ife tayamba kuika makamera pa nyumba, pa sitolo ngakhale pa tchalitchi poopa akuba. Inenso ndinaika imodzi pakhomo panga, ndipo sindiyesa kuti kutero nkuchepa chikhulupiriro, pakuti Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anapemphera, naikanso alonda.

Komatu mlonda ameneyu afunika kumulondera. Magetsi akazima, kamera ndi rauta zimagona pamodzi, pamene mdima ndiwo bwenzi la wakuba. Nchifukwa chake ndinazigulira batire. Chithunzi chikamadukaduka, kawirikawiri ndi khoma la njerwa limene latchinga Wi-Fi: sendezani rauta pafupi, kapena sankhani 2.4 GHz, imene imapyola makoma kuposa 5 GHz.

Chondidetsa nkhawa koposa ndicho mau achinsinsi olowera. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta zikwizikwi, amene eni ake sanasinthe mau ochokera kufakitale. Kamera yotere ndi zenera losuzumirapo alendo. Sinthani mauwo lero lomwe, ndipo musailozetse kubwalo la mnansi wanu. Tikatero, tigone mwamtendere, podziwa kuti wotisunga weniweni ndiye Mulungu.