Mwana wothamangira mlendo aliyense

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndi aulumali ku England. Ndisanaloledwe kugwira ngakhale supuni ya wodwala, anayamba andifufuza kaye kudzera ku DBS, komwe amaona ngati munthu anapalamulapo mlandu womuletsa kuyandikira ana kapena anthu osatha kudziteteza. Koma mpingo wathu utakonza ulendo wokatumikira ana amasiye ndi aulumali kumpoto kwa Romania, okonza ulendowo anangondifunsa za pasipoti ndi ndalama ya ndege. Ndinati chisomo, khomo latseguka lokha. Sindinaganize kuti khomo lotseguka motero limalowetsa aliyense, wabwino ndi woipa yemwe.

Ana amene ankatha kuyenda anatithamangira tisanatsike n'komwe m'galimoto. Kamtsikana kena kanandikumbatira m'miyendo, kenako kanakwera kumsana ngati ndine mayi ake aang'ono. Misozi inalengeza, mumtima ndikuti Mulungu wandituma. Titatsala pang'ono kubwerera kunafika gulu lina la alendo, ndipo kamtsikana kaja kanathamangira mayi wina wa m'gululo chimodzimodzi, manja omwewo, kumwetulira komweko. Zinandiwawa, ndisaname. Munthu wamkulu kuchita nsanje pa mwana wa eni.

Mayi wina wa komweko, amene wasintha matewera a ana amenewa kwa zaka zambiri, ndi amene anandimasula, kudzera mwa womasulira. Anati mwana wokula bwino amaopa mlendo. Ndipo ndi zoona, ife tomwe timadziwa: khanda la miyezi 8 ukalinyamula usakulidziwa limalira, kufuna amake. Kulira kumeneko ndi umboni wakuti lili ndi munthu wake. Mwana wopita kwa aliyense alibe wake. Anawonjezera kuti gulu lililonse likachoka, ana ena amasiya kudya, ena amayambiranso kudzimenyetsa mutu kukhoma, ndipo amene amatsala nazo ndi iye ndi anzake, pa malipiro ochepa, alendo ali m'ndege kuonetsana zithunzi.

Nyumba zosungira ana ngati imene tinapitako zili ndi kumene zinachokera. Mu 1966 mtsogoleri wa Romania, Nicolae Ceaușescu, anakhazikitsa lamulo lotchedwa Decree 770, loletsa kuchotsa mimba, pofuna kuchulukitsa anthu m'dzikolo. Njira zolera zinasowa, anthu opanda ana ankalipitsidwa msonkho, ndipo umphawi utakula m'zaka za m'ma 1980, makolo ambiri anapereka ana ku boma. Ulamuliro wake utagwa mu December 1989, dziko lapansi linaona ana oposa 100,000 ali m'nyumba za boma, ena atawamangirira kumabedi, zipinda zodzaza makanda zili zii chifukwa anaphunzira kuti kulira sikuitana munthu. Zimene ndinapeza ine sizinali zimenezo. Nyumba inali yaukhondo, chakudya chinalipo, zidole zochokera kunja zinali mbwee. Lamulo la 2004 linaletsa kuika ana osakwana zaka 2 m'nyumba zotere, koma linapatula ana aulumali waukulu. N'chifukwa chake otsalira ambiri anali iwowo.

Kuyambira mu 2000, akatswiri atatu, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsatira ana 136 a m'nyumba za ku Bucharest. Theka anawapereka ku mabanja owalera, theka anatsala. Opita ku mabanja anakula bwino m'nzeru, m'chilankhulo ndi pa kukhulupirira munthu mmodzi, makamaka amene anachoka asanakwanitse zaka 2. Kafukufukuyu ndinamuwerenga nditabwerako. Akanakhala woyamba kuwerengedwa pa misonkhano yathu yokonzekera, m'malo mwa mndandanda wa maswiti ndi mabaluni.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi nthawi ya chakudya. Ana a cerebral palsy ambiri amavutika kumeza. Amafunika kukhazikidwa chowongoka, mutu utawerama pang'ono, phala likhale lolimba moyenera, supuni ipite pang'onopang'ono. Ukamudyetsa atagona chagada, chakudya chimalowera kumapapo, mapeto ake chibayo. Ine ndimazidziwa chifukwa ndi ntchito yanga. Anzanga a m'gulu, mitima yawo yabwinobwino, anali ana a sukulu, wogulitsa m'sitolo, woyendetsa basi. Tsiku lina ndinapeza mtsikana wathu atagoneka mnyamata pamiyendo, akumuthira phala m'kamwa uku akumuimbira nyimbo ya Mulungu, mwanayo maso ali tong'o, akutsamwa. Ndinamulanda. Mtsikanayo analira, ndipo sindinamuimbe mlandu, chifukwa palibe anamuphunzitsa. Komabe ku England sakanaloledwa kudyetsa mwana wotereyu osaphunzira. Mwana wa ku Romania mmero wake ndi wosiyana?

Ndiye mawu akuti amasiye. Loweruka lina kunabwera mayi wovala mpango, atayenda ulendo wautali pa basi, atanyamula maapulo m'kathumba. Anali mayi ake a mnyamata yemwe uja. Sanamutaye. Kumudzi kwawo kunalibe sukulu yomulandira, kunalibe wa mafizo, njinga ya aulumali sikanayenda m'matope a kwawoko, ndipo iye akakhala pakhomo kumusamalira ana enawo sakanadya. Anamupukuta malovu ndi nsonga ya mpango wake, ine nditaima pakhomo ndi malaya olembedwa dzina la ulendo wathu. Bungwe la Lumos, limene J.K. Rowling anayambitsa, limati pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse a m'nyumba za ana amasiye padziko ali ndi kholo lamoyo. Ndalama imene gulu lathu linawononga pa matikiti ikanalipira munthu wa mafizo kwa nthawi yaitali ndithu.

Ndinakulira kwa agogo pamodzi ndi asuweni amene makolo awo anatengedwa ndi Edzi m'zaka za m'ma 1990. Tinkagona mphasa imodzi, ndiwo zinkachepa, koma aliyense ankadziwa fuko lake ndi manda a amake. Azungu akabwera kwathu n'kumajambulitsa atanyamula ana a eni, ndinkanyansidwa nazo. Foni yanga pochokera ku Romania inali yodzaza zithunzi zomwezo, khungu lokha ndi limene linasinthana malo. Ndinazifufuta ndisanaziike pa Facebook, ngakhale zina zinali zitapita kale pa WhatsApp ya mpingo.

Mayiko ena ayamba kutembenuka. Rwanda inayamba kutseka nyumba za ana amasiye mu 2012, n'kumabwezera ana kwa achibale kapena kuwapezera mabanja. Mu 2018 Australia inazindikira kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna kukopa alendo ndi ndalama zawo ndi mtundu wa ukapolo wamakono.

Nkhani ya ulendo wina itabwera ku msonkhano wa mpingo, ndinaimirira n'kupempha kuti ndalama tiitumize ku bungwe lothandiza makolo kulera ana aulumali pakhomo, ndipo ngati wina apite, akhale namwino kapena wa mafizo wokaphunzitsa antchito a komweko. Amayi ena anati ndikuzimitsa moto wa achinyamata. Abusa anati tipemphererepo kaye. Chaka chimenecho ndalama anaigawa pawiri, ndipo achinyamata anapitabe.