Njinga ija ndinagulira mtsikana

Amayi anzanga muli kunja kuno, ndi inu abale kumudzi, lero ndikambe za njinga. Pepani ndilemba zambiri, mwandizolowera kale.

Kuno ku Hull malo ndi athyathyathya ngati ku Nchalo, ndiye anthu amakonda njinga. Ngakhale mtsinje waukulu wa kuno dzina lake ndi Humber, ngati njinga ija ankakwera malemu bambo. Pa mlatho wake, womwe anautsegula mu 1981, wapanjinga amadutsa osalipira.

M'mapaki ena a ku England kuno amamanga kabwalo ka njinga kotchedwa pump track. Ndi kanjira ka phula kozungulira, kokhala ndi timizere tokwera ndi kutsika ngati m'munda wa mbatata, ndipo pokhota pamakhala potsetsereka ngati m'mbali mwa beseni. Mwana akakadziwa, sapalasanso. Potsika amakankha njinga pansi ndi manja ndi miyendo, pokwera amadzipepukitsa, basi njinga ikungothamanga yokha. Palibe geti, palibe tikiti. Mwana wa dokotala ndi mwana wa ine wokolopa amadikira pamzere umodzi.

Ine ndimapitako ndi mwana wa abwana, mtsikana wa zaka 7. Ndimamumanga chipewa cholimba kumutu, ndiye n'kukhala pa benchi ndi jekete lake m'manja, ndikunjenjemera. Mu Disembala kuno 4 koloko isanakwane kwada kale, koma iye: "Kamodzi kokha, kamodzi kokha!" Akagwa amandiyang'ana, ine n'kumuuza kuti dzuka mama. Amadzukadi. Palibe amamuuza kuti mtsikana sakhala chotangadza.

Kwathu njinga si chidole ayi, ndikudziwa. Njinga ndi ya kuchigayo, ya makala, ya kabaza, yonyamula wodwala usiku. Ndinakulira momwemo, sindinaiwale chifukwa choti ndakwera ndege.

Koma achimwene, tiyeni tikambe poyera, poti pa foni mumangoti netiweki yavuta. Ndalama ya njinga ya Buffalo ija ndinaipeza ndikutsuka zimbudzi za eni, maondo ali pa matailosi ozizira. Ndinanena momveka kuti ndi ya mwana wanga wamkazi, azipitira kusukulu, poti mtunda uja ndi wautali ndipo amafika mochedwa, atatopa. Pano ndikumva kuti njinga ili pa siteji, ikunyamula anthu, mwana akuyendabe wapansi. Akuti mtsikana angaiwononge. Akuti sakudziwa kukwera.

Nanga adziwa bwanji osakwerapo? Wa kunoyu anagwa kangati asanadziwe? Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo china chinali mtunda womwewo. Ndikudziwa zomwe zimamudikira mtsikana panjira akamabwerera yekha dzuwa litapendeka.

Sindikukana kuti pakhomo pakufunika sopo ndi mchere. Loweruka ndi Lamulungu ichiteni kabaza, sindiyankhula. Koma Lolemba mpaka Lachisanu m'mawa, njinga ikhale m'manja mwa mwini wake. Madzulo mumulole azipalasa pabwalo la mpira, agwe, achubuke bondo, aseke ndi anzake. Tayala likaphulika mundiuze, ndituma ya chubu.

Inu amayi anzanga mumatumiza katundu kumudzi, muzifunsa kuti ali m'manja mwa ndani. Ine ndikudikira chithunzi cha mwana wanga ali pa njinga, atavala yunifolomu. Mutumize pa WhatsApp sabata ino, chonde.