Mlomo Wam'munsi Ndiye Mwini Nyimbo

Anzanga a Fomu 3 mumandiseka kuti ndikagwira clarinet nkhope imakhala ngati ndamwa mankhwala owawa. Sekani ndithu, koma nkhope imeneyo ndiye imaliza chidacho. Inu mumayang'ana zala zikuthamanga pamabatani, pomwe ntchito yaikulu ili pakamwa.

Clarinet yomwe ndimaphunzirira ndi ya malume, omwe ankaliza m'bandi ya polisi asanapume pantchito. Chidachi chinayambira ku Nuremberg, m'dziko la Germany, cha m'ma 1700, koma zabwino zambiri amazipanga ndi phingo, mtengo womwe uja wa osema ziboliboli. Phingoyo payekha salira. Chimalira ndi kabango kopyapyala kotchedwa reed, komangiriridwa kunsi kwa mouthpiece, mbali imene imalowa m'kamwa. Ukauzira mpweya kabangoka kamanjenjemera, ndipo kamanjenjemera katatsamira pamlomo wam'munsi.

Mlomowo umaupinda pang'ono chabe, kuti uphimbe nsonga za mano am'munsi. Pamene pathera mbali youma ya mlomo n'kuyamba yonyowa ya m'kati, pamenepo ndiye pakhale pamwamba pa mano. Ukaulowetsa wonse ngati agogo opanda mano, mnofu umachuluka n'kutsamwitsa kabango, mawu amatuluka ofooka ngati munthu wachimfine. Ukapanda kuupinda, mano amakhudza kabango ndipo kamalira kuti kwiii, ngati mbewa yopanidwa padiwa. Mano am'mwamba amakhala pa mouthpiece penipenipo. Chibwano chikhale chosalala, cholozera pansi, masaya osafufuma, mbali za kamwa zitakokera m'kati ngati ukunena kuti "uu".

Nanga chidacho chilowe m'kamwa mpaka pati? Malume anandionetsa njira yosalira ndalama. Umalowetsa kapepala pakati pa reed ndi mouthpiece mpaka kataima kokha. Pomwe kaimapo ndi pomwe mlomo wam'munsi uyenera kukhala.

Chovuta kwambiri ndi kuluma. Milomo ikatopa, nsagwada imafuna kuthandiza, imakanikiza. Poyamba zimaoneka ngati zikutheka, makamaka pa manotsi apamwamba, koma mawu amaonda, mano amacheka mlomo m'kati, mawa lake ngakhale tiyi sumwa bwino. Ine ndikamva kuti nsagwada yayamba kulowerera, ndimasiya kaye n'kupuma. Kwa ine mphindi 15 za mlomo wokhazikika zimaposa ola lathunthu lolimbana ndi chida. Komanso reed ndili nazo ziwiri zokha, za nambala 2, ndipo pagolosale yathu ino sagulitsa. Ikang'ambika imodzi ndiye kuti kudikira wopita m'tauni.

Masiku ano ndimayamba ndi noti imodzi yokha, ya G, yosafuna kutseka bowo lililonse. Ndimaikoka mpaka mpweya kutha, kagalasi ka mlongo wanga kali patsogolo kuti ndiziona chibwano. Aneba akuti yawakwana notiyo. Malume akuti ndisasinthe kaye.