KALEMBA KAMODZI KA CIJAPANI KANANDICITITSA MANYAZI

Abale anga a m'migodi, ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa malasha m'cigawo ca Ruvuma, koma kwathu ndi ku Mbamba Bay, m'mbali mwa nyanja. Nchito yanga ndi kulemba magalimoto amene alowa ndi kutuluka pa sikelo. Pakati pao pali malole a Fuso ndi Isuzu amene anayamba agwira nchito ku Japan, nafika kuno ali akale, malemba a kwao ali cikhalire pa zitseko ndi pa injini. Tsiku ndi tsiku ndinali kuwayang'ana malembawo, ndipo mtima unandiwawa kuti ine, mwana wa sukulu ya mishoni, ndikhale ngati wosaona.

Ndinayamba ndi buku la James Heisig, Remembering the Kanji, lotuluka koyamba mu 1977. Kanji ndiwo malemba akulu amene Ajapani anatenga ku China, ndipo lemba liri lonse liri ndi tanthauzo lace. Boma lao linaika 2,136 mu 2010 kuti ndiwo ofunika pa masiku onse. Ana a pulaimale aphunzirako 1,026 m'zaka 6. Bukuli ndi lokoma zedi, koma liphunzitsa tanthauzo ndi kalembedwe basi, osati kachulidwe kapena kamangidwe ka mau. Ine sindinasamale zimenezo. Nditafika pa malemba 400 ndinayamba kuyenda motukula mapewa.

Tsiku lina lole inafika pa sikelo injini itatentha. Dalaivala, bambo wacikulire, anapita kukatunga madzi, natsala mnyamata womthandiza, wacilendo pa nchito. Iye anandiitana nati, "Acimwene, inu odziwa Cijapani, apa alembapo ciani?" Pafupi ndi citsekero ca rediyeta ndinaona malemba atatu amene ndinawadziwa: kutentha, nthawi, ndi lina looneka ngati zitseko ziwiri, ndilo kutsegula. Tina tating'ono topindikapindika ta pambuyo pace ndinangotidumpha. Ndinati, "Akuti pakatentha tsegula." Mnyamatayo anapotokola, nthunzi ndi madzi owira zinamuocha dzanja, nakhala masabata awiri osagwira nchito. Bambo uja pobwera sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, sukulu imeneyi munaphunzira kuti?"

Timalemba tija ndinatidumpha ndi hiragana, ndipo tilipo 46. Ndito tinyamula malamulo a cinenero. Ife timati "tsegula" ndi "usatsegule," pa Ciswahili "fungua" ndi "usifungue": kukana kuli kutsogolo. Ajapani aika kukana kumcira. "Akeru" ndi kutsegula, "akeru na" ndi usatsegule. Coipa cina, munthu akanena "akena," wopanda "ru," ndiye kuti akukuuza kuti tsegula. Onani abale, dzanja la munthu linapsa cifukwa ca kalemba kamodzi.

Pamenepo ndinayamba kufuna kumene ndingaphunzire malamulowo, ndipo ili ndilo linali bvuto. Pa chuthi ndinayenda m'masitolo a mabuku ku Mbinga ndi ku Songea, osapeza kanthu. Mabuku awiri ochuka ndi Genki, la mu 1999, ndi Minna no Nihongo, la mu 1998. Laciwirili buku lace lalikulu liri m'Cijapani cokhacokha, ndipo matanthauzo ace ugula padera. Kwa munthu wophunzira yekha m'komboni, ndi ndalama ziwiri. Genki lifotokoza m'Cingerezi, koma zocita zace zambiri zifuna anthu awiri, ndipo ine mnzanga ndikampeza kuti?

Cimene cinandithandiza ndinacipeza pa foni. Wailesi ya ku Japan, NHK World, inakonza maphunziro a oyamba m'Ciswahili, ndipo kumva mphunzitsi akufotokoza m'cinenero cimene ndicidziwa bwino kunanditsegula makutu. Kenaka ndinapeza malongosoledwe a Tae Kim, aulere pa intaneti, amene ayamba ndi kalankhulidwe wamba asanafike ku kaulemu. Kwa ife a m'migodi njira imeneyi ndiyo yabwino, pakuti macenjezo a pa makina kawirikawiri salankhula mwaulemu. Popeza netiweki pa mgodi ibwera ndi kupita ngati mwera, ndinakopera maphunzirowo m'kope ndi dzanja.

Tsopano madzulo ali onse ndiphunzira kanji zitatu zokha, ndipo iri yonse ndiifuna m'ciganizo cathunthu, ndi kuyamba kuwerenga kumapeto, kumene kuli mneni. Agogo anga anabwera ku Joni ndi Cifanakalo cimene anangocitola ndi makutu, ndipo cinawakwanira, pakuti kapitao akanena mau analozanso ndi dzanja. Citsulo colembedwa siciloza.

Mnyamata uja anacira, cipsera cokha ndico catsala. Mwezi wathawu anandibweretsera botolo la mafuta a mabuleki kuti ndimwerengere. Ndinamuuza kuti abwere mawa, ndipo usiku umenewo ndinakhala nalo botololo pa nyali kufikira tambala woyamba.